Lilime langa lafa, koma mwana wanga sindinamuuze

Aphungu,

Amene anayamba kundiuza zimenezi ndi malume anga, a Cleophus, eni ake ng'anjo yoyamba yowotchera nyama ya nthiti mumsewu wathu uno. Anati: "Lemuel, zokometsera nthiti sazilemba papepala. Pepala amaba, lilime saba. Uzilawa, uwonjezere, ulawenso." Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye lamulo limeneli linandikomera kwabasi. Zaka makumi anayi ndakhala ndikusakaniza mchere, tsabola, shuga ndi zina zisanu zimene sindingatchule pano, opanda sikelo, opanda kapu. Dzanja ndi lilime basi.

Malo athu odyera ndi aang'ono, matebulo khumi ndi awiri. Anthu amabwera wapansi, ena atavala za kutchalitchi, ena za kugalaja. Pano akuyendetsa ndi mwana wanga Renita. Iye ndiye anabweretsa mabaga, mabanzi oika nyama pakati aja, ine ndikukana, koma ana amawakonda, ndinagonja. Mwamuna wake Thaddeus amafulula mowa wakewake m'chipinda cha kuseri, migolo inayi. Ndi mkamwini wabwino, kungoti akayamba kukamba za mowa mpaka khofi amakuzizirira m'manja. Ine changa ndi ng'anjo ndi chitini cha zokometsera. Pamenepo safikapo munthu.

Vuto nali. M'nyengo yozizira yapitayi ndinadwala chimfine chachikulu. Chimfine chinatha, koma fungo silinabwerere, kukoma nakonso osabwerera. Miyezi isanu tsopano. Ndikaika nthiti m'kamwa zimangokhala ngati ndikutafuna nsanza yofunda. Utsi ndimauona ndi maso, m'mphuno muli zii. Sindinauze munthu aliyense. Mkazi wanga Odessa akanakhala moyo akanadziwa tsiku lomwelo, koma anatisiya.

Kuwotcha kokhako sikundivuta. Ine ndimamva ndi khutu. Mafuta akamadontha pamakala pamakhala kaphokoso kake, akati tsi, tsi, motalikirana, moto uli bwino. Akayamba kulongolola ngati amayi pamaliro a munthu wolemera, chotsa nkhuni imodzi. Koma mchere, Aphungu, ulibe mawu.

Mwezi watha Thaddeus anandibweretsera tambula ya mowa wakuda. Anati: "Bambo, chimera chake ndinachifukiza pa nkhuni zanu zomwezi. Ndautcha dzina lanu. Mukuumva utsi wanu?" Ndinamwa, anali madzi ozizira chabe. Ndinati: "Ndaumva mwana wanga, wafikapo." Mnyamata wamkulu uja mpaka misozi. Ine usiku wake tulo osabwera.

Ndiye Loweruka lapitali kunabwera Booker, mnzanga wa m'kwaya, amene wadya nthiti zanga kuyambira tsitsi lili lakuda. Iye amadya zouma, zopanda msuzi, amati msuzi ndi wobisira manyazi a wophika. Analuma kamodzi, n'kugugudiza madzi tambula yonse, n'kukuwa anthu onse akumva: "Iwe mdala, ukufuna undiphe ndi mchere kuti utenge malo anga m'kwaya? Ngakhale ndife, mawu ako a chule aja sakakuika kutsogolo!" Anthu anaseka, inenso ndinaseka, ndinati: "Lilime lako lakalamba, Booker, pita ukadye baga ndi adzukulu." Renita anabwera, anatenga mbale ija, anabudula kachidutswa n'kulawa. Anangomubweretsera Booker baga n'kubwerera kukhitchini.

Mantha anga ndi awa. Ndikawauza, andikhazika pakhonde ngati chithunzi. Thaddeus anandionetsapo pafoni uvuni wa gasi woti umangodina batani n'kumapita. Ndipo Renita adzafuna ndimutchulire zonse alembe m'kope, ine n'kuswa mawu a malume. Ndikapanda kunena, ndipitiriza kuwononga dzina limene ndalimanga moyo wanga wonse.

M'mawa mwake mwa tsiku la Booker lija, Lamulungu, ndinalawirira monga mwa masiku onse. Ndinapeza chitini changa chatsukidwa, chili mbee, zokometsera zonse ndinasakaniza zija zatayidwa. Pambali pake panali supuni yaing'ono. Ndipo pa ng'anjo, pamene pamakhala mpando wanga wokha, panali mipando iwiri. Renita anasuzumira pakhomo, anati: "Mwadzuka bwanji Bambo? Khofi ali pamoto." Ndinati ndadzuka bwino. Ndinakhala pampando wanga, ndinakoleza moto, winawo unakhala wopanda munthu mpaka anthu a kutchalitchi anayamba kufika.

Nditani, Aphungu?

L.T., Memphis

Bambo L.T.,

Mukuti ndi chinsinsi, koma m'kalata yanu munatchula aliyense ndi dzina lake, mpaka ndachita kusintha mainawo ndine. Munthu wofunadi kubisa satero. Mwatopa nako kusenza nokha, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Mwana wanu akudziwa kale. Wakula akudya dzanja lanu, ndiye kachidutswa kamodzi kaja kanamuuza zonse. Akanafuna kukuchotsani akanaitanitsa uvuni wa gasi Lolemba. M'malo mwake anatsuka chitini, anaika supuni, anakoka mpando, n'kukusiyirani ulemu woti muyambe ndinu kuyankhula. Ana otere ndi ochepa. Musamudikiritse.

Za malume anu, mvetserani bwino zimene mwandiuza nokha. Anati musalembe. Sanati musaphunzitse. Iwo akanaumira ngati mmene mukuumiramu, inu mukanazidziwira kuti? Anakukhazikani pambali pawo, nanunso chitani chimodzimodzi. Dzanja likhale lanu, lilime likhale la Renita. Inu muzitapa, iye azilawa n'kunena kuti mchere wakwana kapena ayi. Kope silikufunika. Akadzafuna kulemba inu mutapita, imeneyo idzakhala nkhani ya iye ndi malume anuwo.

Renita muuzeni sabata ino, m'mawa anthu asanabwere, muli awiri. Musazungulire ndi nthano, chifukwa ndaona kuti mumazitha. Mawu ochepa okha: kuyambira chimfine chija sindimva kukoma, bwera undithandize.

Mukatero pitani kuchipatala, Renita akuperekezeni. Kwa anthu ena fungo limabwerera pang'onopang'ono, kwa ena pamakhala china chofunika kuchiona msanga. Miyezi isanu osaonana ndi dokotala yakwana.

Thaddeus nayenso muli naye mlandu. Muuzeni kuti tsiku lija simunamve kanthu, koma munaona zimene anakuchitirani. Adzakhumudwa pang'ono, kenako adzakufotokozerani mowawo kwa ola lathunthu. Pirirani, chimenecho ndicho chilango chanu. Za uvuni wa gasi muuzeni poyera kuti simukuufuna. Khutu lanu lija palibe batani limene lingalowe m'malo mwake, ndipo limenelo muphunzitsenso wina mukadali ndi mphamvu. Booker mupatseni mbale yoyamba ya chitini chatsopano. Anakunenani pagulu, inde, koma ndiye yekha amene sanakunamizeni.

Chenjezo langa ndi ili. Munthu wosamva fungo sadziwa nyama ikayamba kuwonongeka, sadziwanso gasi akamatuluka kukhitchini. Kuyambira lero musaike nyama pamoto wina asanainunkhize. Mchere wochuluka anthu amaseka, koma mwana wa eni akadwala m'mimba palibe adzaseke.

Ndipo musazengereze. Mwana akaika mpando kawiri katatu wopanda woitanidwa kukhalapo, tsiku lina amaubweza kutebulo n'kuyamba kusakaniza yekha inu mutachoka. Mawa mukakoleza moto, tengani supuni ija, muitane Renita.

Aphungu