Amene Anayamba Kuvala Diresi la Dayana

Houston, Texas
11 Disembala 2024

Okondedwa achemwali anga Griselda,

Musanatulutse diresi m'katonimu, khalani kaye pansi muwerenge kalatayi. Ndaiika pamwamba dala. Ndimakudziwani inu, mukangoona ulusi woyera m'mphepete mwa diresi la pinki mundiimbira foni mukukalipa, ndipo pa foni simundipatsa mpata woti ndimalize ngakhale mawu amodzi.

Ndinafika bwino dzulo masana. Lero ndi mawa ndikugawa katundu wa anthu, ndiye katoniyi ndapatsira Don Chepe oyendetsa lole aja, akuti afika kwanu ku Omaha Lachisanu m'mawa. Kwathu ku Santa Rosa onse ali bwino ndipo amayi akupereka moni. Koma maso aja ndiye apitiratu, achemwali. Mikanda yomaliza ya pachifuwa ankasoka mongopapasa, ine ndikuwalowetsera ulusi pa singano. Atamaliza anati, "Otilia, makina osokerawa uwafunditse nsalu. Ndasokera mdzukulu wanga, basi ndathana nazo." Miyezi inayi ali pa diresi limeneli. Uthenga wanu uja ndinaumvanso bwino, woti wina aliyense asaliyese m'thupi, Dayana akhale woyamba kulivala pa phwando lake la zaka khumi ndi zisanu.

Nkhani ili pomwepo. Dayana sakhala woyamba.

Ndiyambe ndi chimene ndakhala ndikukubisirani. Mukudziwa kuti zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikunyamulira anthu katundu pa ndege, tchizi, nyemba, mankhwala, makalata, kawiri pa mwezi. Chifukwa chokwera pafupipafupi anandipatsa khadi lagolide lija, lonyamulira masutikesi atatu pamene ena akunyamula awiri. Ndinkanyada nalo, sindikana. Ndinkadutsa pa mzere waufupi mutu uli m'mwamba. Khadi limenelo linatha mphamvu, chifukwa chaka chatha ndinakhala miyezi isanu osakwera ndege. Ndinakuuzani kuti ndikukonzetsa denga la nyumba. Linali bodza. Anandipeza ndi chotupa m'bere, anandichita opaleshoni ku San Miguel. Inu mulibe mapepala oti mubwere n'kubwereranso, ndiye ndikanakuuzani mukanatani, kupatula kulira nokha kutali? Pano ndili bwino, dokotala wandiona mwezi wathawu. Mundikalipire Loweruka, ndakonzeka.

Chithere khadi, sutikesi yachitatu ndimachita kulipira mwakachetechete. Chimene ndinaiwala, ine munthu wokalambira m'ndege, n'chakuti mu Disembala salola katundu wowonjezera ngakhale ulipire. Lamulo limeneli kale silinkandikhudza, ndiye m'mutu mwanga munalibe.

Ndinafika pa kauntala ya pa bwalo la ndege ku Comalapa ndi masutikesi awiri, iliyonse mapaundi makumi asanu ndendende, ndi chikwama chachitatu cha diresi. Mtsikana wa pa sikelo anangopukusa mutu.

"Mayi, chachitatuchi sichikwera."

"Ndilipira, mwana wanga."

"Mwezi uno sitikulandira. Mpaka pakati pa Januwale."

"Phwando ndi Loweruka lino."

"Pepani mayi. Yambani mwaima pambali, anthu adutse."

Ndinaima pambali. Chikwama cha m'manja chinali chodzaza ndi mankhwala a anthu, ndipo diresi lofufuma chonchija, lolemera mapaundi asanu ndi anayi, silikanalowamo. Ndinaganiza zotaya tchizi cha anthu, koma ndikanawauza chiyani eni ake, anthu oti akhala akundikhulupirira zaka zonsezi? Galimoto imene inanditula inali itabwerera kale. Ndinkangoona amayi akupapasa mikanda ija, misozi n'kuyamba kutsika yokha.

Kenako ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Kodi ndikuona ndani kumbali ya ife amphawi? Mayi Golide? Golide uja wachita dzimbiri?"

Anali Niña Tancho. Mukuwakumbukira, mayi owonda aja a ku Pasaquina amene amagwira ntchito ngati yangayi. Tatha zaka zisanu ndi zitatu osapatsana moni, chiyambire pamene anatsitsa mtengo wonyamulira paundi ya katundu n'kunditengera makasitomala kuno ku Houston. Pa anthu onse a pa dziko, anayenera kundipeza ndikulira ndi iwowo.

"Niña Tancho, lero musandiyambe," ndinatero.

Anangowerama n'kutsegula chikwama chija ngati chawo, n'kuyendetsa chala pa mikanda.

"Dzanja la Niña Chon ili. Akusokabe amayi anu?"

"Lomaliza limeneli. N'la mdzukulu wawo."

"Masutikesi anga nawonso adzaza mpaka kukamwa." Anayang'ana sikelo ija. "Koma munthu samukweza pa sikelo. Livaleni."

"Ine? Ndi thupi ili? Ngakhale mwendo umodzi sungalowe."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako anadziyang'ana okha.

"Zoona, mumadya bwino anthu agolide. Gwirani kachikwama kanga. Zipi mundikokere bwino, musanditsine."

Achemwali, ndinakumbukira lamulo lanu, ndipo ndinaliphwanya ndikudziwa. Tinalowa kuchimbudzi cha amayi, anasamba m'manja kawiri, anapukuta milomo, n'kuvala diresi pamwamba pa malaya awo. Linawakwana ngati amayi anawayeza. Tinatuluka, mayi wa zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri, imvi mbuu, nsapato zothamangira kuphazi, diresi la pinki litadzaza khomo lonse. Mtsikana wa pa sikelo anagwira pakamwa, anaitana bwana wake. Bwanayo anazungulira Niña Tancho kamodzi, n'kunena kuti pa zovala palibe lamulo, apite.

Pa makina ofufuzira, waya wa m'munsi mwa diresi analiza belu, ndiye anawapapasa kwa nthawi ndithu iwo atatambasula manja ngati akuyanikidwa. Anthu a pa mzere ankaseka, ena akujambula. Bambo wina wachipewa anati, "Phwandoli mwachedwa nalotu, mayi." Iwo anati, "Ndimadikira mwamuna wooneka bwino woti ndivine naye, koma ndaona kuti leronso sanabwere." Mzere wonse unafa nako kuseka.

M'ndege ndinapempha munthu tisinthane mpando kuti ndikhale nawo pafupi. Maola atatu sanadye kanthu, ngakhale madzi anakana, kuopa kudontheza. Ndinawafunditsa shawelo yanga pamiyendo. Vuto linangochitika limodzi, tayala la kangolo ka zakudya linakola m'mphepete n'kung'amba pang'ono, kutalika ngati chala. Niña Tancho anatukwana mawu amene sindingalembe, n'kutulutsa singano m'kachikwama kawo, n'kusoka pomwepo. Ulusi anali nawo woyera wokha. Ndi umene muuonewo.

Akusoka choncho, osandiyang'ana, anati, "Mukudziwa, Otilia, ine tsiku limene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndinali m'tchire, tikuthawa nkhondo, mng'ono wanga ali kumsana. Palibe anakumbukira. Inenso ndinakumbukira patapita sabata." Anadula ulusi ndi mano. "Ndiye musandithokoze kwambiri. Nanenso ndafuna ndimve kuti limamveka bwanji."

Ndinangowagwira dzanja, iwo n'kulichotsa, akuti ndiwadetsera diresi.

Titafika kuno analivula, tinalipinda awiri, aliyense atagwira mbali yake. Ndinafuna kuwapatsa kangachepe, anandiyang'ana moti ndinachita manyazi. Ndinawafunsa kuti Loweruka ali kuti, anati akhala m'chipinda chawo cha lendi kudikira ndege ya Lolemba, monga amachitira ulendo uliwonse.

Tsono achemwali, diresi ndi limenelo. Ndaliyang'ana mkanda uliwonse, palibe wothothoka, palibe banga. Ngati mtima wanu ukuwawa kuti lavalidwa kale, mlandu ndi wanga, osati wa Niña Tancho, ndipo chonde Dayana alivalebe, chifukwa agogo ake sadzasokanso lina. Mumuuze kapena musamuuze, zili kwa inu. Koma ine ndikanakonda adziwe kuti diresi lake silinabwere mu sutikesi, linabwera ndi munthu.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikwera basi Lachisanu, ndipo matikiti ndagula awiri. Niña Tancho akuti sabwera, akuti alibe chovala ndipo maphwando a anthu agolide sawazolowera, koma m'mawa uno andifunsa kuti ku Omaha kukuzizira bwanji. Muwonjezere mpando umodzi, pa tebulo la abale, osati kumbuyo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Nelson, muwauze kuti tchizi chawo chilipo, sindinataye. Dayana mumupsompsone pachipumi m'malo mwa agogo ake. Ndipo pa nthawi yovina, akatha kuvina ndi bambo ake, mumunong'oneze kuti pali mayi wina wowonda wa imvi amene wadikira nyimbo imeneyo zaka makumi anayi ndi ziwiri. Akamugwire dzanja.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Otilia