Mpando wa Kumanja

Loweruka, 6 Malichi 2010

Mvula ngati dzulo. Achemwali Agatha apita ku yunivesite pa sitima ya m'mawa. M'nyumba ine ndi mwana wawo Tamara basi, m'dziko la azungu lino. Ndikutsuka makapu ndaona lole yaima kwa aneba. Atsitsa galimoto. Matayala akuphwa, dzimbiri mpaka m'zitseko, galasi limodzi palibe. Koma kutambalala kwake! Anthu atatu akhoza kugona pa boneti osakhudzana.

A Gerard, aneba athuwo, amangoizungulira, kuisisita ngati ng'ombe yongogula kumene. Akazi awo, a Magdalene, chiimire pakhomo, manja m'chiuno.

Ndapsa chala pa ketulo chifukwa choyang'ana panja.

Lachitatu, 10 Malichi

Achemwali afunsa za galimoto ija. Akuti ndi Dodge Charger ya 1969, yochokera ku America. Mwini wake wakale ankamanga nyumba zogulitsa, pano palibe akugula, ndiye akutaya katundu. A Gerard nawonso ntchito ya pulasitala inatha. Ndalama zomwe anawapatsa powachotsa ndi zimene agulira galimoto yagona mu shedi mwawoyo, kanyumba kosungiramo katundu.

Achemwali akuti, "Anzawo akuthawira ku Australia, iwo akugula chiphakasa." Kenako kwa ine, "Nawenso Louisa, windoli lidzakukwatira."

Ndinapitiriza kuphika. Mafuta ophikira atha.

Lachisanu, 26 Malichi

Mpira wa Tamara unagwera kwa aneba. Ndinapita kukautenga. A Gerard anandikodola kuti ndilowe ndione. Chizungu changa chonse chinathawa, chinangotsala yes.

M'katimo fungo la chikopa chakale ndi mvula. Ndipo chiwongolero chili kumanzere! Kumanja, kumene amakhala dalaivala kwathu ndi kuno komwe, kuli mpando wokha. Ndinaima nthawi yaitali ndikuuyang'ana. Wong'ambika, thonje lili panja.

Malemu ababa ankayendetsa lole yonyamula fodya kuchokera ku Ntcheu. Kutsogolo kunali kwa achimwene. Ife atsikana kumbuyo, pamwamba pa mabelo, fumbi m'maso. Mu minibasi kumbuyo. Mu basi ya kuno kumbuyonso, ndimadzipititsa ndekha. Sindinakhalepo kutsogolo kwa galimoto chibadwire.

Ndikufuna kukhala pa mpando uja galimotoyo ikuyenda. Kamodzi kokha. Ndalemba, basi.

Lolemba, 19 Epulo

Tsopano ndimapita ku shedi masana Tamara akagona mu ngolo yake ya ana. A Gerard anandipatsa sandipepala. Sitiyankhula zambiri. Iwo amaloza, ine ndimapala. Wailesi imangonena za mabanki.

Pansi pa penti wakuda tapeza wobiriwira, wa mdima ngati botolo. A Gerard anaitana akazi awo kuti adzaone. A Magdalene anati wobiriwira salipira magetsi, n'kubwerera m'nyumba. Koma kenako anabweretsa tiyi, makapu atatu.

Lachinayi, 6 Meyi

Sabata yonse ntchito yaima. Akudikira kabawuti kamodzi kochokera ku America. Mu shedimo muli chitini chodzaza mabawuti! Ndinawalozera. Anapukusa mutu. Akuti chilichonse chikhale momwe chinatulukira ku fakitale, ngakhale chimene maso saona.

Kwathu akanamanga ndi waya, galimoto n'kufika ku Lilongwe tsiku lomwelo. Ndinaseka mumtima.

Ndalota tikuyenda mumsewu wa ku Tsangano. Mbatata ya kachewere ili maluwa mbali zonse. Injini siimamveka. Anthu m'minda amaimika makasu.

Lamlungu, 30 Meyi

Pochokera ku Misa achemwali anena kuti tikubwerera kwathu pa 28 Ogasiti. Sukulu yatha, thandizo la ndalama za sukulu lathanso. Nawo a Gerard galimoto ikatha aigulitsa. Kuli mzungu wa ku Germany akuifuna. Popanda kutero ngongole ya nyumba iwavuta.

Ndiye iyo ipita kwake, ine kwanga.

Ndimayeserera m'bafa, mpopi uli wotsegula kuti asandimve. Please, can I sit in front. Pagalasi zimatuluka bwinobwino. Ndikafika mu shedi pakamwa guu.

Lachiwiri, 22 Juni

Lero ndagwira ntchito yoti aione okha. A Gerard anapita kukaima pamzere wa anthu osowa ntchito, kiyi anandisiyira kuti ndipukute mabampala. Ndapukuta mpaka ndadziona nkhope, yotambalala ngati mtanda wa nsima.

Injini anaichotsa kale, ndiye boneti ili pululu. Pa chitsulo cha kumbuyo kwake ndinaona zolembalemba za choko chachikasu. Manambala opotoka ndi kachizindikiro, ngati za ana pakhoma la sukulu. Ponse pozungulira a Gerard anatsuka, apo pokha anasiya, mwina chinawakanika. Ndinakatenga sitiliwulu kukhitchini ndi sopo. Chinali chouma zedi, koma ine mapoto a pamaliro ndinawakwechapo. Mbee!

Mawa akaona, akasangalala, ndipempha.

Lachitatu, 23 Juni

Anaona.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakhala pa kreti, chipewa m'manja, maso pa chitsulo chija. Ine chiimire ndikumwetulira ngati chitsiru, kudikira zikomo.

Madzulo a Magdalene anabwera kudzafotokozera achemwali. Choko chija analemba ndi munthu wa ku fakitale tsiku limene galimotoyo inapangidwa. Chakhala pamenepo zaka zonsezi, ine ndisanabadwe, achemwali asanabadwe. A Gerard ankachizungulira dala. Wa ku Germany uja anachiona pa chithunzi ndipo n'chimodzi mwa zimene zinamukopa.

Achemwali atatseka chitseko anati, "Iwe ndi manja akowo! Anakutuma ndani? Chilichonse ukuona ngati poto?"

Ndani amasunga litsiro? Koma si litsiro. Linali dzanja la munthu.

Lachisanu, 2 Julayi

Katani ya kukhitchini ndatseka. Ndimatsuka mbale mumdima.

Lachinayi, 15 Julayi

Tamara amandikoka chitenje, "Auntie, car, car." Ndimapita naye ku doko, njira yozungulira. Mabwato, mphepo, mbalame zolanda tchipisi.

Ndimaganiza za munthu wa choko uja. Mwina anali ndi njala, akudikira belu. Mwina anali wamanzere. Analemba mothamanga osadziwa kuti kudzabwera mtsikana wa ku Ntcheu ndi sitiliwulu. Ngati ali moyo ndi nkhalamba tsopano. Pepani bambo.

Loweruka, 31 Julayi

Injini yalira!

Ndinali kusita. Poyamba kutsokomola, kutsokomola, kenako chibingu. Makapu m'kabati anayamba kugundana. Ndinachimva m'mimba. Agalu a mumsewu wonse. Ndinamva a Magdalene akukuwa, akuseka.

Ndinagwira katani koma sindinatsegule. Bulawuzi ya achemwali yapsa pakolala. Ndaibisa pansi pa sutikesi.

Lolemba, 16 Ogasiti

Kugogoda. Ndimayesa wa makalata. A Gerard, ovololo yonse mafuta, m'manja chithunzi ndi choko chachikasu chatsopano.

Anayankhula pang'onopang'ono kuti ndimve. Akuti iwo anamuuza zoona wa ku Germany uja. Watsitsako mtengo koma aigulabe, ndipo wavomera kuti alembenso potengera chithunzi. Iwo ayesera pa katoni kambirimbiri, akuti zikutuluka zowongoka ngati pulasitala. Ndiye anati choko chija analemba ndi munthu amene anagwira ntchito pa galimotoyo, ndipo ogwira ntchito pa galimotoyi alipo awiri okha.

Ndinapita. Yobiriwira yonse tsopano, ikuwala ngati yanyowa. Mipando yakuda, yosokedwa bwino. Ndinawerama kuseri kwa injini, choko m'manja, ndikuchedwa kuyamba. Anati, "Fulumira, kumbuyo kukubwera galimoto ina!" Ndinaseka, choko n'kuyenda chokha. Folo, seveni, kachizindikiro. Zopotoka ngati za kale zija. Aphunzitsi a Sitandade 8 akanandimenya nazo.

Anayang'ana nthawi yaitali, n'kutseka boneti.

Apa ndiye pamene ndikanapempha. Munthu wawaonongera ndalama, upemphenso? Ndinathokoza n'kuthawa.

Lamlungu, 22 Ogasiti

Masutikesi. Achemwali akuyeza pa sikelo, akutulutsa mabuku, akubwezeramo. Bulawuzi aipeza. Anangondiyang'ana n'kunena kuti ndidzaivala ndine pa ndege.

Lole yodzatenga galimoto ikubwera Lachisanu. Ife Loweruka.

Lachinayi, 26 Ogasiti

Dzuwa, lenileni. A Gerard anaitulutsa panja galimoto kuti aitsuke komaliza. Ndinatsegula katani. Kenako sindikudziwa, ndinangozipeza ndili pa geti, thovu la sopo lidakali m'manja.

Chizungu chija ndinachisunga miyezi yonseyi sichinabwere. Ndinaloza mpando, pakamwa panangotuluka Chichewa, "Ndikwezeniko."

A Magdalene ndi amene anayankha, kukalipira amuna awo kuti akudikira chiyani, atsegule chitseko. Tamara anamunyamula a Magdalene omwewo.

Mpando wozizira, woterera. Boneti kutalika ngati msewu wachiwiri. Palibe mutu wa munthu patsogolo panga. Msewu wonse ukubwera kwa ine ndekha, nyumba zikupatuka, nyanja ili mbali yanga. Ndiye ababa ankaona zimenezi masiku onse aja, osatiuza.

Pafupi ndi doko tinaima kuti mayi wina wokalamba awoloke ndi kagalu kake. Atafika pakati anatembenuka kuti athokoze dalaivala. Anayang'ana mpando wa kumanja, pamene amakhala dalaivala. Anakweza dzanja kwa ine.

A Gerard anati, "Ayankhe, dalaivala."

Ndinakweza zala ziwiri, pang'ono chabe, momwe ankachitira ababa akakumana ndi lole inzake.

Dzanjalo mpaka pano likununkha chikopa. Achemwali akuitana kuti ndikatsuke mbale. Ayambe adikira.