Wosiya sukulu sanatchulidwe

Lolemba, 13 Januwale
Mvula kuyambira m'mawa, nsapato zonyowa tsiku lonse. Pa Chingerezi a Halidi alemba pa bolodi: To wait is painful. Akuti To wait ndiye mwininkhani, ngakhale ndi mneni. Kalasi yonse kudabwa. Ine ayi. Kwathu timatero tsiku lililonse, kudikira n'kowawa. Sindinakweze mkono.

Lachitatu, 15 Januwale
Holide. Kubandira chimanga ndi mlongo wanga Idesi mpaka msana kuuma. Amalume abwera kuchokera ku Limbe. Ali pakhonde ndi amayi, ine kuseri ndikutsuka khasu. Ndamva: "Kuphunzitsa awiri n'kosatheka, achemwali. Kusiya sukulu si imfa." Ine ndi Idesi ndife mapasa, tonse Folomu 3. Dzina sanatchule.

Lachinayi, 16 Januwale
Ndafunsa a Halidi kuti mu To leave is hard akuchokayo ndani. Ati, "Sungani walankhula lero? Kugwa matalala." Akuti palibe watchulidwa, akhoza kukhala aliyense. Ukafuna munthu aoneke, umayamba ndi for. Alemba: For Sungani to leave is hard. Kalasi kuseka.

Lolemba, 20 Januwale
Ntchito ya kunyumba, ziganizo za for. Idesi wamaliza msanga, wakonzanso zanga. "Iwe is umamuiwala ngati mchere m'ndiwo." Amandiposa pa chilichonse. Akasankha poona mutu, wotsala pakhomo ndine. Ndatopa n'kumvetsera kuseri kwa zitseko.

Lachisanu, 24 Januwale
Amalume abweranso, atanyamula chikwama chopanda kanthu. Kwa abwana awo ku Limbe akufuna wolera mwana. Mtsikana.
Mtima wanga unakhala pansi. Unakhaladi pansi.
Idesi sanalire. Wangofunsa amayi ngati yunifolomu atenge kapena asiye.

Lolemba, 27 Januwale
Njira yonse ndekha. A Halidi akuitana mayina, afika pa Idesi. Chete. Ayang'ana ine. M'kalasi mwawo Chinyanja saloleza, ndiye ndaimirira: To come was difficult. Ati chiganizo chili bwino, koma chovutacho chinavutira yani? Agwira choko, akudikira for.
Ndangokhala pansi. Aitana dzina lotsatira.