Mayi Rakele Anayankhula Ataimirira

Malomo, Ntchisi
20 Ogasiti 1978

Okondedwa amalume a Kalebe,

Ndikhulupirira muli bwino ku Bulawayoko pamodzi ndi banja lonse. Ine ndili bwino, kungoti mphepo ya m'mapiri muno yandilowa m'mafupa.

Tchuthi chino sindinapite kumudzi. Abusa akuno anapempha ophunzira zamalamulo a ku Zomba kuti adzathandize anthu pa milandu mwaulere. Tinalonjeza ambiri, koma ndinabwera ndekha.

Paja ku khoti la miyambo loya saloledwa kuyankhula, ndiye ine ndimangokonzekeretsa anthu zokanena. Kunabwera mayi wina wamasiye, a Rakele, amene anawalanda munda wa makolo awo kuti ukhale esiteti ya fodya. Ndinawaphunzitsa zonse, ndipo ndinawauzanso kuti akayankhule ataimirira, monga timaphunzirira kusukulu. Sukulu inandiiwalitsa kuti kuno mzimayi amagwada pamaso pa akuluakulu.

Anaimiriradi, amalume, ndipo anayankhula bwino zedi. Wapampando sanafunse n'komwe za munda. Anangoti, "Mayi, wakuphunzitsani zimenezi ndani?" Iwo anati, "Njala, bambo."

Kuchokera tsikulo pakhomo panga sipafikanso munthu. Kutchalitchi ndimakhala ndekha benchi yonse. Dzulo anyamata awiri a chipani, a malaya ofiira aja, anafunsa abusa kuti ndimagona chipinda chiti. Mwina amangocheza.

Kalatayi ndapatsira munthu pamanja. Khirisimasi ikafika musanamve za ine, musalembe ku koleji kufunsa. Jekete munandisiyira lija ndalitumiza kwa amayi kuti asunge, ngakhale kuno kukuzizirabe.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Elia