Ochapa a Kuchipatala Sanyanyala

Lolemba, 3 Juni
Jakisoni m'nsalu zochokera kuwodi ya amuna. Wabaya Achemwali, amene ndimachapa nawo pamakina aakulu. Magolovesi anatha kalekale, kupempha tatopa. Iwo nthabwala basi: "Ndalandira jakisoni osaima pamzere." Awayambitsa mankhwala oteteza ku HIV.

Lachitatu, 5 Juni
Msonkhano wa ochapa tonse kuseri kwa boyila yotenthetsera madzi. Tinyanyala ntchito Lolemba. Manja onse m'mwamba, langanso.

Lachisanu, 7 Juni
Khoti lakana. Akuti a kuchipatala sanyanyala, ntchito yathu ikukhudza moyo wa anthu. Wonyanyala achotsedwa. Ha! Ife a m'chipinda chapansi, amene madokotala satipatsa ndi moni yemwe, lero tasanduka ofunika.
Komabe si bodza. Tiana tobadwa masiku osakwana timagona pansalu zosita ine. Ife tikapanda kuchapa, tianato tigona pachiyani?

Loweruka, 8 Juni
Bambo a ana ndi mlonda wa pageti pachipatala pomwepo. Awalamula kuti Lolemba akanene aliyense woima panja. "Nanga ndikakuonani inu, mayi, ndidzatani?" Chakudya chinazizira tikuchiyang'ana. Tonse awiri kuchotsedwa, lendi alipire ndani?

Lolemba, 10 Juni
Ndinalowa. Tonse tinalowa, mitu pansi, kupatula Achemwali. Anakhala pageti okhaokha, chala chomanga bandeji m'mwamba. Bambo a ana anauza akuluakulu kuti maso akuwavuta masiku ano, sanaone munthu. Koma bwana wa chipatala anawaona Achemwali pawindo.

Lachinayi, 13 Juni
Achemwali achotsedwa. Ndinapita kwawo. Ali gone pamkeka, mankhwala aja akuwasanzitsa. Manyazi, ndinalephera kuwayang'ana kumaso. Iwo: "Pukuta misozi iwe. Ukanatuluka, ana ako akanadya khoti?" Ndinawachapira zovala. China ndikanachita chiyani?

Lachisanu, 14 Juni
Nthawi ya nkhomaliro ndi yathu, khoti silinaikhudze. Tinakaima pageti, chete, manja athu osupuka ndi sopo poyera. Kenaka anamwino a kuwodi ya ana anatsika kudzaima nafe. Ophikanso, ndi zipewa zawo. Bambo a ana anangotsegula geti lonse, nkuyang'ana kumbali. Belu litalira tinabwerera kumakina.
Madzulo uthenga: bwana akufuna kuonana ndi mmodzi wa ife Lolemba, pa nkhani ya Achemwali. Onse maso pa ine. Ine, wachibwibwi, amene ngakhale pemphero la chakudya limandikanika.
Ndavomera.