Ndege Yopanda Ndevu

Lolemba, 3 Juni

Yafika! Nsalu ya kaboni yafika. Wa njinga yamoto wandipeza pa benchi yanga ku shopu, foni ya munthu ili chitsegulire, ndasaina msangamsanga. Kaphukusi kopepuka ngati mulibe kanthu. Kufunyulula: yakuda bii, yonyezimira, yolukidwa mopingasa ngati suti za anthu amene sandipatsa moni. Ndainunkhiza. Ilibe fungo. Ndainunkhizanso.

Bwana wa shopu: "Malipiro onse aja athera pa chiguduli chimenechi?" Munthu amene amatsegula foni ndi mpeni wa kukhitchini. 

Thupi lonse la kaboni, msana wa mapiko wa kaboninso. Ndege yanga, yoyendetsa ndi rimoti, yopanga ndekha. Osati za akuluakulu a ku kalabu youlutsa tindege ta rimoti zimene ndimamata Loweruka lililonse. Dokotala wa mano, loya, mkulu wa ku banki uja. Kugula yopangiratu m'bokosi, kuiponya m'mwamba, kuithyola, kenako "Mtsikana wa mafoni ali kuti?" Mtsikana! Adzaona.

Lachitatu, 5 Juni

Nkhondo m'nyumba. Ndadulira nsalu yanga sizasi ya achemwali, yomwe amadulira makatani a anthu. Yabuntha. Anaipeza ikutafuna nsalu ngati nkhalamba yopanda mano.

"Sizasi imene sindilola ngakhale kudulira pepala, iwe wadulira mawaya!" Si mawaya, ndawauza, ndi ulusi wootcha. Ndawafotokozera bwinobwino. Amatenga ulusi wonga wa pulasitiki, kuuphika m'ng'anjo yopanda mpweya mpaka zina zonse zitachoka, kutsala kaboni yekha, m'bale wake wa makala. Chiyambi chakenso n'choseketsa. Anthu amene ankapanga mababu oyambirira ankaotcha ulusi wa thonje ndi tizidutswa ta nsungwi kuti apeze kaulusi koyaka m'galasi muja. Thonje ndi nsungwi! Lero ndi ndege zenizeni, zonyamula anthu ndi masutikesi awo.

Achemwali: "Ndiye ukagule sizasi ya makala."

Alamu anga, a Digiri, anasuzumira pakhomo la kachipinda kanga, kapu ili m'manja. "Zimenezitu tinkaphunzira chaka chachinayi." Akudziwa bwino lomwe kuti ine maphunziro omwewo ndinalekezera chachitatu. Digiri yawo ya uinjiniya ili m'fulemu pabalaza, pamwamba penipeni pa wailesi yakanema, kuti mlendo asaiphonye. Babu la m'bafa likapsa amaitana ine.

Mikono kuyabwa ngati ndagwa m'chitedze. Tiulusi timeneti. Mawa magolovesi, ndi chophimba pamphuno.

Loweruka, 8 Juni

Ku kalabu sindinapite. Amate okha.

Tsiku lonse pa chikombole choumbira thupi la ndege. Kupaka sera kuti zisamatirire, kuyala nsalu, guluu wa mabotolo awiri wosakaniza, kenako zonse m'thumba la pulasitiki. Pampu yoyamwa mpweya ndi injini ya firiji yakufa ya anansi. Ikulira ngati chule wa chimfine, koma ikuyamwa. Thumba lakanirira nganganga, guluu wotsala akutuluka. Ndaimba. Ine, kuimba!

Masana kusewera. Kaulusi kamodzi kotsala, batire, kababu ka tochi. Kayaka! Ulusi wodutsa magetsi ngati waya. Ndaitana achemwali adzaone. Akadali ndi mlandu wa sizasi, koma anabwera.

Ndiye anandiuza. Bambo akubwera pa 20. Ng'ala yakula m'maso onse awiri, opaleshoni ya diso loyamba pa 25. Madokotala sakulonjeza, akuti kuseri kwa ng'alako mwina kulinso vuto lina. Panopa amangoona zithunzithunzi, chinthu chakuda chikakhala pa choyera.

Chakuda pa choyera.

Tsiku lalikulu loulutsa ku kalabu ndi pa 22. Ndege yakuda, thambo loyera. Ndakhala pansi.

Bambo ankanditcha Injiniya. Kuyambira tsiku limene ndinaphwasula wailesi yawo ndili kamwana, n'kuibwezera ikuyankhula. Phunziro limodzi lokha litandigwetsa, sukulu inati ndibwereze chaka chonse, ndikakhale ndi ana amene ndinkawaphunzitsa ndine. Ndinanyamula sutikesi. Bambo anangonena kamodzi, "Bwerera." Ndinakana. Chiyambireni ndine "iwe". Iwe, ndipatsire madzi. Iwe, tseka chitseko. Bola akanandilalatira.

Aione basi. Opaleshoni iyende bwino kaya ayi, ayambe aona iyi.

Lachiwiri, 11 Juni

YATULUKA!

Yoyamba inakana, mbali ina ndinaumira sera, yang'ambika pochotsa. Nsalu yokwana theka la malipiro anga a mwezi, m'bini. Sindikufuna kukumbukira. Koma yachiwiri, mayo! Phwa, yokha, ngati mtedza m'khoko mwake. Yosalala, malukidwe onse kuonekera pansi pa guluu ngati pansi pa madzi. Kulemera kwake ngati chigoba cha dzira. Ndaipinda ndi manja awiri, nkhope mpaka kutentha. Osasuntha.

Ndaiika m'manja mwa achemwali, dzanja lawo linakwera lokha poyembekezera katundu. Aseka. Tavina m'khitchini, iwo ndi chikho, ine ndi ndege. Za sizasi zatha, ndikuganiza.

A Digiri anaigogoda ndi chala ngati akugula chivwende. "Sizoipa kwenikweni." Zikomo, bwana. Ndikaika mawu amenewa m'fulemu.

Nkhomaliro sabata ino, buledi wouma. Ndani akudandaula?

Loweruka, 15 Juni

Ndapita nayo ku kalabu kukaonetsa, osaulutsa. Mapiko sanathe. Bwalo lathu lomwe lija kuseri kwa fakitale ya njerwa, udzu wofiira, magodauni kutsidya.

Anasiya zoseweretsa zawo n'kundizungulira. Loya kufunsa kuti ndaitanitsa kudziko liti. Ndamuonetsa mikono yanga, ziwengo za kaboni zikadalipo. Wa ku banki akufuna ndimupangire. Ndamuuza kuti alembe kalata yofunsira, komiti ikhala pansi.

Kenako dokotala wa mano. Sangaone chinthu chosalala osafuna kuchiboola, ndi matenda a ntchito yake. Anasuzumira mkati, pamene pali kawailesi kolandira malamulo a rimoti, ndi tinyanga take tiwiri ndatigoneka bwinobwino m'mbali. "Mwanawe, tinyangati tituluke panja. Kaboni amatchinga mafunde. Boola uku ndi uku, tilendewere ngati ndevu za mphaka."

Mwanawe! Kundiuza ine za kaboni! Ine amene ndinayatsa babu ndi kaulusi. Ndamuyankha kuti akaboole mano a odwala ake, ndege yanga si chibwano. Onse kuseka, iyenso kuseka. Zinanditsekemera mpaka kunyumba.

Ndevu. Pa thupi limeneli? Ndiye kuti kusoka suti, kenako n'kutulutsa ulusi m'khwapa.

Komabe ndayesa, asadzati sindinayese. Ndege patebulo pabwalo, achemwali akuyang'ana, ine ndi rimoti mpaka pa mphambano ya msewu wathu. Akuti mchira unkagwedezeka nthawi zonse. Ndiye vuto lili pati? Chivundikiro chapamwamba chokha ndiye sindinaikepo, guluu wa kachotsekera kake sanaume.

Lachinayi, 20 Juni

Bambo afika. Aonda. Kulowa m'nyumba chopapasa mphuthu za chitseko, koma ndodo akukana. Ndiwo ndinatengera, ndikudziwa.

Popereka moni kwa mkamwini wawo: "Muli bwanji, a Injiniya?" Ine ndili pomwepo, chikwama chawo chili m'manja mwanga. Ndinachitsitsa pang'onopang'ono kuopa kuchiponya.

Madzulo dzanja lawo linakhudza phiko, ndinalisiya dala patebulo. Anafunsa ngati ndagula. Ndinati ndapanga. Chala chawo chinayenda kuchokera ku nsonga mpaka ku nsonga, ine osapuma. "Ndiye ukufuna ndikaione ndi maso ati, iwe?"

Basi. Koma ndawamva akuuza achemwali kuti awasitire jekete la Loweruka.

Jekete! Mabatire onse ndatchaja. Ndatchajanso.

Loweruka, 22 Juni

Yapita.

Lamulungu, 23 Juni

Chabwino. Ndilembe, mwina ndisiya kuseka ndekha ngati wamisala. Kapena kulira. Dzulo zinkabwera pamodzi.

M'mawa wabwino, kamphepo pang'ono, mitambo yoyera mbee. Bambo pampando wapulasitiki, jekete, chipewa. A Digiri ndi ambulera, kuwafotokozera Bambo mmene ndege zimaulukira, molakwika. Chivundikiro ndatseka, thupi lonse bii, lopanda chilema. Dokotala wa mano ndiye anandiponyera ndegeyo m'mwamba. Anayang'ana m'mbali mwa ndege, anandiyang'ana ine.

Inakwera ngati ikuthawa ngongole. Sindinaonepo. Kukhota koyamba, yamvera. Kwachiwiri, yamvera.  Ndinaitumiza kutali, pamwamba pa magodauni, kuti ikakhale pa mtambo woyera kwambiri uja.

Ndipo Bambo anaimirira. Mpando kugwa chagada. Chala m'mwamba, pamalo pake penipeni. "Ndikuiona! Iyo! Yakuda iyo!" Chala chikuitsatira. Chipewa chagwa, osachitola.

Nthawi yomweyo ndinakankha kandodo ka rimoti kumanzere. Zii. Kumanja. Zii. Mota inazima yokha, monga ndinaikonzera kuti izichita ikasiya kundimva. Ndege ina iliyonse ya pa kalabu paja ikanagwa ngati njerwa, tikanakatola. Yangayi ayi. Yopepuka kwambiri, yowongoka kwambiri. Inapeza mpweya wotentha wokwera kuchokera pa malata a magodauni, n'kumakwera nawo pamodzi ndi akhwangwala. Ndinaipanga bwino mopitirira muyeso. Ndani angandilande zimenezo?

Zala zanga zikuvinabe pa rimoti, bodza lenileni. Kalabu yonse ikudziwa. Dokotala anavula kapusi ngati pamaliro. Akanangonena kuti "ndinanena", ndikanapeza pomulumira. Sananene. Munthu woipa.

Bambo: "Ibweze tsopano, yatalikira." Ndinaganiza zonama, kuti ndikuiteretsa kuseri dala. Pakamwa panakana. Ndinawauza kuti siikundimva, ndinaitsekera makutu m'kati chifukwa sindinkafuna ndevu.

Nkhope yawo ikadali kumwamba. Anafunsa ngati ndaiuza kuti ibwerere, ndiye yakana. Ndinati eya.

Kuseka kwake! Mpaka kutsokomola, mpaka kugwira phewa la a Digiri. "Yatengera mwini wake! Ifenso tinati bwerera, unamva?"

Pamaso pa loya. Pamaso pa onse. Zaka zonsezi nkhani imeneyi sinatulukepo pakamwa pawo, yatulukira pabwalo la fakitale ya njerwa, ndi misozi ya chiseko. Ndinafuna nthaka indimeze. Kenako ndinapezeka ndikuseka nawo, rimoti ili lende pakhosi.

Anaiona mpaka inasanduka kadontho. Akuti anaiona nthawi yaitali kuposa ife tonse. Bodza, koma ndani awatsutse?

M'galimoto pobwerera anafunsa kuti nsalu yake amapanga bwanji. Ndinayamba ndi thonje ndi nsungwi. Sanagone, ngakhale pamene ndinafika pa ng'anjo.

Lero ndazungulira kuseri kwa magodauni mpaka mapazi kutupa. Palibe. Kawailesi, mota, batire labwino lija, zonse. Mwezi wamawa buledi woumanso.

Lachiwiri, 25 Juni

Chipatala. Benchi yozizira, fungo la mankhwala. Bambo atuluka ndi bandeji ngati chikho padiso, akulamula anamwino. Tidikire.

Dokotala wa mano waimba, akuti wafalitsa uthenga kwa alonda onse a kumagodauni. Ndathokoza. Mawuwo anatuluka ngati dzino la kumapeto, koma anatuluka.

Lachisanu, 28 Juni

Diso likuona! Osati zonse, akuti ngati pagalasi la bafa, koma dzulo anauza achemwali kuti makatani a pabalaza ndi oipa. Achemwali analira ndi chimwemwe, kenako anakwiya.

Ndipo yabwera. YABWERA! Mayi wina wolima masamba kuseri kwa njanji anaipeza itakhala m'kabichi mwake ngati nkhuku yoikira. Dokotala wa mano waibweretsa yekha pa galimoto. Phiko limodzi lang'ambika chikutiro, mphuno yakalika. Thupi? Ngakhale mng'alu. Ndalipsompsona, matope ndi zonse.

Ili pabedi panga pano. Ndaika madontho awiri a choko, uku ndi uku. Ndakhala ndikuwayang'ana, dzanja likukana.

Panopa Bambo aima pakhomo la kachipinda, magalasi akuda a kuchipatala, chobowolera changa chili m'manja, achigwira chozondoka. Afuula kuti, "Injiniya! Ndevu zija tiboola pati?"

Kuchokera pabalaza, a Digiri: "Ine, Bambo?"

"Ayi, inu khalani."

Ndikulemba izi msanga kuti ndisadzati ndinalota. Akuitananso, ndipo chala chawo chili pa batani, andiboolera chitseko anthu awa