Injini ya chapa ili m'mabeseni

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno mwendo wa amayi wasiya kutupa, ndipo nyumba ija tafolera.

Koma chapa yanu, galimoto ya matola ija, yafa, ndipo waipha ndine. Paja chibwerereni kumudzi ndikuphunzira umakaniko pa foni, kalasi imodzi ndi okonza ndege. Itayamba kutsokomola Lolemba, ndinatsatira aphunzitsi a pa kanema n'kumasula injini yonse. Phunziro lobwezeretsa ndinalitsegula nditamasula kale. Achimwene, galimoto yawo ndi yatsopano! Yathuyi amakaniko a ku Muloza anaiphatikiza ndi zitsulo za magalimoto anayi, mwinanso za chigayo. Palibe chikufanana.

Amayi ataona mabeseni awo adzaza mabawuti anati, "Inu a ku yunivesite, ndege yanuyi inyamuka liti?"

Ndinaseka, koma nyemba zathu zikudikira galimoto ku Majaua, zayamba kale kufumbwa, ndipo chaka chino tikudalira zomwezo.

Chonde ndipezereni makaniko wachikulire kumeneko, wozolowera magalimoto otopa, andiimbire pa kanema Loweruka. Mulungu akusungeni. Kukalipa mudzandikalipire injini ikalira.

Ine mng'ono wanu,
Armando